Dzimbiri pa Mano a Wailesi

Amuna anga anandikwatira ndi wailesi. Ndikatero ana amasiku ano amaseka, koma ndi zoona. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Halale ulendo wawo woyamba, njala yaikulu ija itangodutsa, ndipo pamene anzawo ankabwera ndi njinga kapena jekete, iwo anabwera ndi chinthu chobulungira ngati sefuliya, cholankhula. Kwathu kwa Nazombe mwamuna ndi amene amasamuka kudzakhala kwa mkazi, ndiye tsiku lomwe anadzalowa pakhomo pa amayi anga, katundu wawo anali mphasa, khasu ndi chisefuliya chimenecho. Anazika nsungwi yaitali pafupi ndi mtengo wa mango, n'kukoka waya kuchokera pamwamba pake mpaka pazenera, ndipo dzuwa likapendeka bwalo lathu linkadzaza ngati pali chinamwali. Kuchokera kwathu mpaka ku Chiringa kunalibe wailesi ina imene ine ndinkaidziwa, kupatula ya ansembe ku mishoni, ndipo kumeneko munthu wamba sankangolowa kuti ndabwera kudzamvera nyimbo.

Sitinathe ndi chaka chomwe tili limodzi. Ine ndili ndi pakati, iwo anati ayenera kubwereranso kuntchito. Wailesi anaisiya.

"Imeneyi ndiye ine," anatero. "Muisunge bwino. Chiswe chisaikhudze, munthu asaitsegule."

Tinaimvera mpaka batire litatha mphamvu, mawu n'kumachepa, kenako zii. Apa m'pamene ine ndi amayi tinachita uchitsiru umene mpaka lero ndikaukumbukira ndimadziseka. Amayi anati chiswe sichifika pamene pali mchere. Tsono tinatenga wailesi ija, batire lakufalo likadali cholumikizika monga mwini wake analisiyira, poti ndani akanalimba mtima kuzula chimene mwamuna walumikiza, tinaikulunga m'chiguduli, n'kuiika mumtanga momwe tinkasungamo mchere wa ku Chilwa. Tinapachika mtangawo kudenga, mitima ili phee kuti tasunga chuma. Mvula inagwa katatu mtangawo uli komweko. Aliyense wodziwa mchere akudziwa mmene umachitira thukuta nthawi ya dzinja.

Mwana anabadwa, wamkazi. Anakwawa, anayenda, anayamba kutukwana nkhuku. Kuchokera ku Halale kunalibe kalata, kunalibe uthenga, kunalibe ngakhale mphekesera yoti munthuyo anamwalira. Pachitsime anayamba kundinena kuti mkazi wa mtchona.

Amalume anga, alongo awo a amayi, ndiwo anali eni mbumba. Sanali munthu wankhanza ayi, koma anali ndi mwendo umodzi wofooka, ndipo munda wathu waukulu unkagonera iwo akuona. Bambo anga anamwalira kalekale, choncho pakhomo panalibe dzanja la mwamuna. Panali mkulu wina wa kwa Mkhumba, mkazi wake anamwalira, amene anayamba kumadutsa pakhomo pathu kawirikawiri ngati njira ya kulikonse imadzera pamenepo. Tsiku lina amalume anandiitana.

"Iwe, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ngwamphepo. Ankhoswe ndawauza kale. Lamulungu la sabata yamawa, osati likubwerali, tikhala pansi, ukwati uwu uthe."

"Ine sindinanene kuti ndatopa, amalume."

"Munda ndi umene watopa," anatero, n'kutembenukira kumbali.

Ndinalira, koma kulira kwa mwana wamkazi pamaso pa mwini mbumba ndi madzi a pa tsamba la koko. Ine amuna angawo ndinkawafuna. Ndinene poyera, poti ukalamba uno manyazi ndinawasiya: ndinkawakonda, ndipo mkulu wa kwa Mkhumba uja sindinkafuna n'kumuona komwe.

Masiku atatu atadutsa, kunafika mlendo. Anali munthu wa kuseri kwa phiri la Michesi, wobwerera kwawo kuchokera ku Halale, ndipo anati ankagona chipinda chimodzi ndi amuna anga. Anatula pansi kamtolo kolemera. Amayi anayamba kale kumwetulira, akuganiza za nsalu. Titamasula tinapeza batire latsopano, lalikulu ngati njerwa.

"Anzanga aja ali moyo," mlendoyo anatero. "Akuti alembera a wailesi ku Lusaka kuti akuperekereni moni. Muzimvera Loweruka madzulo, nthawi ija amawerenga moni wa anthu. Loweruka lake lenileni sakulidziwa, koma ndi mwezi uno."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka zitatu, mkamwini n'kutumiza njerwa! Chabwino. Chisefuliya chakecho chikatchula dzina la mwana uyu ine ndikumva ndi makutu angawa, ankhoswe ndiwabweza. Chikapanda kutero, musadzandivutitsenso."

Panali Maloweruka awiri okha tsiku la ankhoswe lisanafike.

Loweruka loyamba tinatsitsa mtanga. Nditamasula chiguduli mtima unangoti myuu. Batire lakale lija linali litafufuma, litatuluka zoyera ngati chipere. Ndinalizula mwamphamvu, n'kulowetsa pulagi, kachinthu ka timano tinayi kamene kamalowa m'mabowo a batire, m'batire latsopanolo. Anthu anali atadzaza kale pabwalo, ena atabwera ndi timipando tawo. Ndinapotokola koyatsira. Zii. Ndinapotokolanso. Ndinaigwedeza, ndinaimenya pambali monga ndinkaonera amuna anga akuchitira. Ngakhale kutsokomola kokha, ayi ndithu. Mayi wina wa pakamwa posapola anati mwina yaiwala Chinyanja poti yakhalitsa ndi Alomwe, anthu n'kufa nazo kuseka. Ine sindinaseke. Dzuwa linkalowa ine ndikuganiza chinthu chimodzi: bwanji ngati dzina langa likutchulidwa panopa, mlengalenga umu, ine ndili chikhalire ndi chitsulo chakufa pamiyendo?

Lolemba m'mawa ndinabereka mwana kumsana, ndinasenza wailesi ndi batire mudengu, ulendo wa ku Chiringa. Kumeneko kunali bambo wina wachisilamu wokonza njinga, wa kandevu kosongoka, amene anthu ankati palibe chitsulo chimene chimamukanika. Anandilandira bwino. Anatenga kababu ka tochi ndi tiwaya tiwiri, n'kugunditsa m'mabowo awiri a batire lija. Kababuko kanayaka.

"Moto ulimo, mayi," anatero. "Wakutumizirani batireli sanakunamizeni. Koma motowo sukudutsa kupita uko."

"Ndiye tsegulani muone, bambo."

Anakweza manja onse awiri. "Ine ndimadziwa njinga. Ichi ndikachitsegula n'kuchiononga, mudzati chiyani? Pitani nacho ku Limbe."

Ku Limbe! Ngati kuti Limbe ndi kuseri kwa nkhokwe. Ndinabwerera dzuwa lili paliwombo, mwana akulira kumsana, ine ndikutukwana chamumtima aliyense amene ndinamukumbukira: amalume, mkulu wa kwa Mkhumba, wokonza njinga, ndi amuna anga omwe, poti munthu wanzeru akanangobwera yekha m'malo motumiza njerwa.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinangoisiya pakona. Lachinayi amayi anatulutsa zigwinjiri zawo zamkuwa, zija anabwera nazo amayi awo kuchokera kutsidya kwa malire, kuti azitsuke. Ndinadziwa chifukwa chake, ndipo zinandiwawa: ankakonzekera kudzaoneka bwino pamaso pa ankhoswe. Anandiponyera ziwiri kuti ndiwathandize. Zigwinjirizo zikakhalitsa zimachita dzimbiri lake lobiriwira, ndipo mkazi aliyense kwathu ankadziwa mankhwala ake: phulusa losefa ndi madzi a ndimu. Ndinkapukuta mokwiya, kubiriwira kukuchoka, kufiira kwa mkuwa kukutuluka. Kenako dzanja langa linaima lokha.

Kubiriwira kumeneku ndinali nditakuona penapake sabata yomweyo.

Ndinathamangira m'nyumba, ndinatulutsa wailesi padzuwa, n'kuzula pulagi ija. Timano tonse tinayi tinali tobiriwira, tokhakhala, tina tili ndi zoyera zouma za batire lakale lija. Loweruka ndinaziona ndithu, koma ndinkayesa kuti ndi mmene zinthu za Azungu zimaonekera. Ndinakanda kamodzi ndi chikhadabo. Pansi pake panaoneka kachitsulo kowala.

"Iwe, ukutani?" amayi anakuwa. "Mwini wake anati munthu asaitsegule!"

"Sindikutsegula, amayi. Ndikuitsuka mano."

"Ukaipha?"

"Inafa kale. Tinaipha ndi mchere, ine ndi inu."

Amayi anandikankhira chipanda cha phulusa. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Ndinang'amba kansanza, n'kukanyowetsa pang'ono ndi ndimu, n'kukagunditsa paphulusa. Dzino limodzilimodzi, ndikuzungulira, osafulumira. Zoyera zija zitakumana ndi ndimu zinachita tithovu. Pamene dzimbiri linakakamira ndinkapala ndi kansungwi kosongola, poti mpeni ndinkaopa kuti udula dzino lenilenilo. M'mphako, pamene timano timalowa m'thupi la pulagi, ndinagwiritsa nthenga ya nkhuku. Nditamaliza ndinapukuta ndi kansanza ka madzi okha, kenako kouma, monga timachitira ndi zigwinjiri, chifukwa ukasiya ndimu pamkuwa mawa lake umapeza wadanso. Timano tija tinawala mpaka ndinachita nato manyazi kuti zaka zitatu tinali m'chiguduli.

Tsono changu chinandipweteketsa. Zala zikadali zonyowa, ndinagwira batire kuti ndilisendeze, chala n'kukhudza pamabowo paja. Mayo ine! Chinandiluma mpaka m'chigongono. Ndinalumpha, chipanda cha phulusa uko, nkhuku uko. Amayi anaseka mpaka misozi, koyamba sabata yonseyo.

"Wokonza njinga uja sananame," anatero. "Moto ulimodi."

Ndinayanika pulagi padzuwa mpaka nditatsimikiza kuti yauma gwa. Manja ndinawapukuta kawiri. Ndinalowetsa, ndinapotokola koyatsira, n'kudikira, poti wailesi zakale zinkayamba zatenthera kaye. Kenako ndinamva kaphokoso, kutali, ngati mvula ikubwera m'chimanga. Shhhh. Munthu panalibe, nyimbo panalibe, koma chinthucho chinali kupuma. Ndinagwira pakamwa.

Ndinazungulitsa kosakira uku ndi uku, kuphokosera kokhakokha. Apa ndinakumbukira waya wa pansungwi uja. Amayi anali atausandutsa chingwe choyanikapo zovala, ndipo nsonga yake, imene imamangidwa kumbuyo kwa wailesi, inkangolendewera panja pazenera mvula zitatu zonse. Inali yakuda bii. Imeneyo sindinaichitire ulemu, ndinaipala ndi mpeni mpaka itafiira. Kachitsulo komangirapo kumbuyo kwa wailesi nakonso kanali kobiriwira, ndinakatsuka chimodzimodzi, ndinakaumitsa, n'kumanga waya mothinitsa. Koyatsira kankachita kukhwekhwereza ndikakakhudza, ndiye ndinazula batire, n'kukapotokola uku ndi uku kambirimbiri mpaka kanafewa.

Madzulo a Lachisanu, mwamuna wina analankhula m'nyumba mwathu, m'chilankhulo chimene sindinachimve, mwina Chibemba. Mwana wanga anathawira kumsana kwa agogo ake. Ine ndinazimitsa msanga kuti ndisunge moto, kenako ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira bwinobwino.

Koma mantha sanachoke. Wailesi yadzuka, inde, nanga ngati moni uja anauwerenga Loweruka lapita lija?

Loweruka anthu anabwera ochuluka kuposa poyamba, ena kudzamvera, ena kudzaonerera manyazi anga. Amalume anakhala pampando wawo wa ndalema, mwendo wofookawo atautambasula, nkhope ili gwa. Nditayatsa, nyimbo inabuka, ndipo bwalo lonse linati "Aaa!" Mayi wa pakamwa uja anafunsa kuti wakonza ndani. Amayi anayankha mokweza kuti, "Mwana wanga," ngati kuti si iwo amene ankandiletsa.

Muulutsi anayamba kuwerenga moni. Wakuti ali ku migodi akupereka moni kwa makolo ake ku Dowa. Nyimbo. Wakuti ali ku Kabwe akupereka moni kwa mlongo wake ku Fort Jameson. Nyimbo. Mawu ankabwera, n'kuthawa, n'kubweranso, ndipo akathawa ine ndinkafuna kulowa m'chisefuliyamo kuti ndikawakoke. Mthunzi wa mango unafika pakhonde, unakwera khoma. Amalume anayamba kufunafuna ndodo yawo.

"Iwe, tamva. Chalankhula, koma za eni ake."

"Sanamalize, amalume."

"Ine ndamaliza."

Anali atadzuka kale, atayenda mapazi awiri, pamene muulutsi anatchula boma la Mulanje, poti nthawi imeneyo ife tinali pansi pa Mulanje. Kenako anati kwa Nazombe. Kenako mudzi wathu. Kenako dzina langa, lonse, ndi la bambo anga lomwe. Sindikudziwa amene anakuwa poyamba, koma ndinamva amayi akuti "Chete! Chete inu!" m'Chilomwe, ndipo bwalo linati zii.

Mawu ake enieni sindingawabwereze onse, papita zaka zambiri. Koma mfundo zake zinali zitatu. Munthuyo ali moyo ndipo akugwira ntchito. Adzabwera akamaliza nthawi imene anapangana ndi abwana ake. Ndipo akudandaula kuti analemba makalata awiri, kudzera kwa amalume a mkazi wake, koma yankho sanalandire.

Nyimbo imene anandisankhira inayamba, koma palibe amene anaimva. Maso onse anali pa amalume. Iwo anaima pomwepo, atatsamira ndodo, akuyang'ana pansi ngati ataya singano. Mwa ine chimwemwe ndi ukali zinkalimbana, osadziwa kuti ndiyambe chiti. Amalume anatembenuka, n'kuyamba kutsimphina kulowera kunyumba kwawo. Anthu anayamba kunong'onezana kuti athawa.

Sanathawe. Patapita kanthawi anabweranso, ali ndi kanthu m'manja. Anali maenvulopu awiri, ofiira ndi utsi, opindika chifukwa chotsomekedwa kudenga, onse osatsegula. Anadutsa pakati pa anthu onse aja, mkulu wa mbumba yonse, n'kudzawaika pamiyendo panga.

"Ndinkaona munda ukugonera," anatero motsitsa. "Ndinkati makalata salima. Ndalakwa, mwana wa mlongo wanga. Ankhoswe ndikawauza ndekha."

Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, akuthwa, ena ndinali nditawanola zaka zitatu. Koma nditawaona atawerama pandodo yawo, mawuwo anakana kutuluka. Ndinangoti, "Ndamva, amalume." Kukhululuka kwenikweni kunatenga nthawi, ndisanamize munthu. Tsiku limenelo ndinangowalola kuti akhalenso pampando wawo.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga. Makalata aja ndinawamanga m'nsonga ya nsalu, ndipo Lamulungu, tsiku lomwe ukwati wanga unayenera kutha, titatuluka m'tchalitchi ndinatsatira aphunzitsi a pasukulu ya mpingo mpaka pakhonde pawo. Anatsegula yoyamba mosamala ndi mpeni. Inali yaifupi. Moni, za ulendo, za kuzizira kwa ku Halale. Kenako aphunzitsi anaima, anayang'ana mwana amene ankasewera ndi miyala pamapazi anga, n'kuwerenga pang'onopang'ono. Amuna anga ankafunsa ngati ndachira bwino, ndiponso ngati mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Yachiwiri inalembedwa patapita chaka ndi miyezi. Inkafunsa funso lomwelo. Inati usiku akaweruka amayesa kuganiza nkhope ya mwana wawo, koma sadziwa kuti aganize za mnyamata kapena mtsikana, ndiponso ngati alipo n'komwe. Inati ngati mwanayo sanakhale moyo, tisawabisire.

Zaka zitatu ine ndinkati ndine ndekha wodikira.

Aphunzitsi anapinda makalata aja, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuyankha. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi pepala ndi cholembera, n'kukhala pansi.

"Ndilembe chiyani, mayi?"

Ndinamunyamula mwana, ndinamupukuta fumbi kumaso, n'kumukhazika pamiyendo.

"Lembani kuti ndi wamkazi," ndinatero. "Lembani kuti alipo."